Chaka Chimene Mfumu Khalapansi Inagwira Khasu

Ufumu wa Mwaonatu uli pakati pa mapiri awiri, Tamvani ndi Tamvakale, ndipo likulu lake ndi Pamthunzi. Amene anafikako amati ndi dziko labwino. Nthaka yake ndi yachonde, mvula imabwera pa nthawi yake, ndipo anthu ake ndi aulemu zedi moti ukawaponda phazi amayamba ndi iwo kupepesa, poti anaika phazi pamalo pamene iwe umafuna kupondapo.

Pa nthawi ya nkhani ino pampando panali Mfumu Khalapansi Wachiwiri, munthu wamtima wabwino ndi wathupi lake ndithu, amene sanalakwirepo munthu chifukwa sanachitepo kanthu. Wapamtima wake anali a Bwetulani, Nduna ya Zamaphunziro, Zokamba ndi Zina Zotero. A Bwetulani anali aafupi koma a mawu aakulu. Ankatha kuyankhula kuyambira m'mawa mpaka mbuzi kubwerera m'khola, osanena kanthu kalikonse koti munthu n'kudzawakumbutsa mawa.

Zonse zinayamba m'mwezi wa Juni, aphunzitsi a m'dzikomo atalemba kalata yodandaula. Choko chinali chitatha, mabuku anali atadyedwa ndi chiswe, ndipo denga la sukulu yaikulu linapita ndi mphepo zaka zitatu m'mbuyomo osabwerera. Mfumu inaitanitsa bwalo la nduna. Ndunazo zinakambirana kwa maola atatu ngati moni wa pamwamba pa kalatayo unali waulemu mokwanira. Ola lachinayi litayamba, Mfumu inayasamula. Nduna ya pafupi inayasamulanso, kenako inzake, mpaka bwalo lonse linali kukamwa yasa! Ngakhale msilikali wa pakhomo, amene sankamva n'komwe zokambidwazo, anayasamula mpaka chipewa chinagwa.

A Bwetulani anadzambatuka. "Mfumu yanga, mwaona zimene zachitikazi?"

"Ndaona kuti nthawi ya chakudya yakwana," inatero Mfumu.

"Ayi, Mfumu yanga. Inu mwayasamula, ife tonse tayasamula. Watipatsa buku ndani? Walemba pabolodi ndani? Choko chagwira ntchito apa? Munthu saphunzira ndi choko, amaphunzira ndi maso! Kamwanapiye kamapalasa chifukwa kaona make akupalasa. Make mbuu, mwana mbuu. Dziko lino lili ndi atsogoleri anzeru chonchi, nanga anthu akuvutikiranji ndi mabuku? Angotiyang'ana basi."

Nduna zinaomba m'manja, makamaka chifukwa zinaona kuti nkhani ya denga yafera pomwepo. Mfumu inasayina msanga kuti mpunga usazizire, ndipo tsiku lotsatira Lamulo la Onerani kwa Akulu linawerengedwa m'misika yonse:

"Kuyambira lero, munthu aliyense wa mu Mwaonatu aziphunzira poonera amene ali pamwamba pake. Chimene wamkulu wachita, wamng'ono achite. Chimene wamkulu sanachite, wamng'ono asayerekeze n'komwe, pakuti kumeneko n'kudzikweza. Wophwanya lamuloli adzatsekeredwa m'chitokosi mpaka nzeru zake zitaphwa."

Kuti anthu aziona bwino, a Bwetulani analamula kuti ofesi iliyonse ya boma igumulidwe khoma lakumsewu. Kutsogolo kwake anaika mabenchi ochokera m'masukulu, ndipo aphunzitsi anapatsidwa ntchito yolozera anthu pokhala.

Tsiku loyamba pabenchi lakutsogolo panakhala Mayi Nasibeko, wogulitsa nthochi ndi zitumbuwa pamsika wa Tingoona, mayi wa ana asanu amene lilime lake linkaopedwa ngakhale ndi otolera ziphaso. Pambali pawo panali Jubeki, mkulu wa akabaza a pamsikapo, munthu wotenga chilichonse ndi mtima wonse. Anafika sikisi koloko m'mawa kuti asaphonye kanthu. Mwini ofesi anafika teni koloko. Anavula jekete, n'kuikoleka pampando, n'kuisisita paphewa, n'kutuluka.

Anthu anadikira. Dzuwa linafika pamutu.

"Mayi, ntchito ayamba liti?" ananong'ona Jubeki.

"Khala chete iwe, ndi imeneyi."

"Ndiye kuti imagwira ntchito ndi jekete?"

"Nanga sukuona? Kuyambira m'mawa sinadzukepo, sinapite kokamwa tiyi, sinatukwane munthu. Boma lonse likanakhala majekete bwenzi tili patali."

Fili koloko mwini ofesi anabwera kudzatenga jekete yake, akuoneka wotopa kwambiri. Anthu anaomba m'manja n'kupita kwawo ali ophunzira.

Pasanathe mwezi, msika wa Tingoona unasintha. Pabenchi lililonse la malonda pankakolekedwa jekete kapena chitenje, mwini wake ali pansi pa mtengo wa mango. Jubeki, ataona mmene nduna zimayendera, anakonza zoti munthu mmodzi azinyamulidwa ndi mdipiti wa njinga zisanu ndi ziwiri: zitatu kutsogolo zopanda munthu, zitatu kumbuyo zopanda munthu, zonse zikuliza mabelu ndi kuthamangitsira nkhuku kutchire. Wosoka nsapato ukamupatsa nsapato yong'ambika ankaizungulira kawiri manja ali kumbuyo, n'kunena kuti wakhudzidwa kwambiri ndi mmene zinthu zilili, ndipo akhazikitsa komiti. Malipoti ankafika ku Pamthunzi onena kuti anthu akuphunzira mofulumira kuposa kale lonse, ndipo a Bwetulani anapatsidwa mendulo.

Mpaka apo zinali zoseketsa chabe. Koma kunabwera mwezi wa Novembala.

Chaka chilichonse Mfumu inkatsegulira nyengo yolima pamunda wa kunyumba yachifumu. Kale anthu sankapitako, poti amakhala ali kuminda kwawo. Chaka chino dziko lonse linabwera kudzaonera. Mfumu inafika itavala majombo atsopano. Anaipatsa khasu lonyezimira, lomangidwa liboni, mpini wake wokutidwa ndi nsalu yofewa. Inalikweza. Kha! Nthungululu. Kha! Ng'oma. Kachitatu khasu linaphonya nthaka pang'ono n'kutsala pang'ono kudula nsapato ya a Bwetulani, koma linawerengedwa ndithu. Kenako Mfumu inapereka khasu kwa msilikali, n'kukakhala mutenti, n'kuyamba kumwa zoziziritsa kukhosi.

M'mawa mwake, kuyambira kuphiri la Tamvani mpaka ku Tamvakale, mlimi aliyense anapita kumunda, n'kugwetsa khasu katatu, kachitatu mophonya pang'ono, n'kukakhala pamthunzi banja lake likuomba m'manja.

Si kuti anthu anali opusa. Ankayang'ana mitambo, mitima ili m'mwamba. Mlimi wina dzina lake Zakeyu analephera kupirira. Atagwetsa khasu katatu anaona mmene dothi linalili lofewa, dzanja linangopita lokha: kha! kachinayi. Apolisi, amene pa nkhani yogwira anthu sankasowa wowaonetsa, anamunjata tsiku lomwelo pa mlandu wodzikweza kuposa Mfumu. Kuchokera pamenepo panalibenso amene anayerekeza. Mvula yoyamba inagwa pa minda yosalima. Yachiwiri inagwanso chimodzimodzi.

Zakeyu anali ndi mkulu wake, a Sandalamu, amene anakhala akuphikira Mfumu kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. A Sandalamu anapita kwa a Bwetulani kukapempha kuti m'bale wawo atulutsidwe. A Bwetulani anawauza kuti nkhaniyo ikuunikidwa. Anapitanso kawiri, ndipo ulendo womaliza anapeza jekete yokha. Anabwerera kukhitchini.

Lolemba lotsatira Mfumu itapita kukadya masana, inapeza khomo la chipinda chodyera litamangidwa liboni. A Sandalamu anaima pamenepo atavala suti yakale ya Mfumu yomwe, sizasi ili m'manja. Anadula liboni, n'kuilozera Mfumu pokhala. Patebulo panali mbale imodzi yaikulu yovindikira.

"Mfumu yathu yokondedwa," anayamba a Sandalamu atakonza kukhosi, "nduna zolemekezeka, amphaka ndi agalu a pakhomo pano, ndaimirira pano ndi chimwemwe chodzadza tsaya. Kwa zaka zambiri anthu akhala akufunsa kuti, kodi chakudya chamasana chifika liti? Lero ndi tsiku la yankho."

Anavundukula mbale. Munali mwala wosalala, wotsukidwa bwino.

"Chimenechi n'chiyani, Sandalamu?"

"Mwala wa maziko, Mfumu yanga. Wa mpunga ndi nkhuku."

"Nanga mpunga ndi nkhukuzo zili kuti?"

"Gawo loyamba litha m'zaka zisanu, zinthu zikayenda bwino. Nkhuku yauzidwa kale, ndipo yailandira nkhaniyi ndi mapiko awiri."

Mfumu inamenya tebulo. "Ndikutsekera iwe!"

"Pa mlandu wanji, Mfumu yanga? Ine ndakhala ndikukuyang'anitsitsani miyezi isanu. Sindinakuonenipo mukusonkha moto. Ndikaphika ndiye kuti ndadzikweza, ndipo chitokosi n'chaching'ono, mng'ono wanga ali kale m'menemo."

Mfumu inacheukira a Bwetulani. A Bwetulani anayang'ana kudenga, kenako anavomera motsitsa mawu kuti malinga ndi ndime yachiwiri, wophikayo sanalakwe.

Tsiku limenelo Mfumu inadya mtedza wouma umene inaupeza m'thumba la mkanjo. Tsiku lachiwiri inapeza mwala wina, wa maziko a phala. Masana ake inalephera kupirira. Inatenga a Bwetulani n'kupita kumsika wa Tingoona, kumene inali isanapondeko chikhalire pampando.

Pabenchi la Mayi Nasibeko panali phava limodzi la nthochi ndi chitenje chokoleka pamsomali. Mwini wake anali pansi pa mango, akuluka tsitsi la mnzake. Ataona Mfumu anagwada, n'kuomba m'manja mwaulemu, n'kubwerera ku tsitsi.

"Mayi," inatero Mfumu, "ndikufuna nthochi."

"Pempho lanu talimva, Mfumu yathu, ndipo latikhudza. Mubwere mawa."

"Ndili ndi njala lero."

"Mukalembe kalata, makope atatu. Imodzi muipereke kwa chitenjecho."

"Mayi inu, mukudziwa amene mukuyankhula naye?" anakalipa a Bwetulani.

"Ndikudziwa bwino, bwana. Ndi mwini sukulu imene ndikuphunzirayi. Kapena ndalakwitsa penapake? Mundikonze, ine ndi wophunzira."

Aliyense pamsikapo ankanamizira kuyang'ana kwina. Mimba ya Mfumu inalira mokweza moti galu amene anagona pansi pa benchi anadzuka n'kusamuka. Mayi Nasibeko anaiyang'ana Mfumu kumaso, ndipo anaona kuti munthuyo wavutikadi. Anadzuka, n'kubenthula nthochi imodzi, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Idyani, Mfumu. Koma mumve izi. Inu njala yakugwirani masiku awiri. Ine ndili ndi ana asanu, ndipo m'nkhokwe mwatsala chimanga chofika Febuluwale. Mvula yagwa kawiri. Yachitatu ikagwa mbewu isanalowe pansi, chaka chamawa tidzatendera maliboni."

Mfumu inasenda nthochi n'kudya. Nthawi yomweyo msika wonse unathamangira nthochi, aliyense kusenda ndi kudya monga yachitira Mfumu, ndipo m'kanthawi kochepa pa Tingoona panalibenso nthochi ngakhale imodzi.

"Mwaonatu," anatero Mayi Nasibeko, akuyang'ana benchi lawo lopanda kanthu.

Mawu a mayiwo anaikhala Mfumu pamtima. M'mawa mwake inakwera pansanja ndi chimkuzamawu n'kufuula kuti, "Anthu anga, limani! Limani mwamphamvu!" Anthu anamvetsera mwachidwi. Pofika masana dziko lonse linali litapinda makatoni ngati zimkuzamawu, mwamuna akufuulira mkazi wake kuti alime, mkazi akufuulira ana, ana akufuulira mbuzi. Phokoso linamveka mpaka kuseri kwa mapiri, koma khasu silinakhudze nthaka.

Ndiye Mfumu inasayina lamulo lina lothetsa loyamba lija. Linawerengedwa m'misika yonse. Anthu analiombera m'manja, n'kulikhoma pakhoma, n'kukakhala pansi.

"Bwanjinso?" inafunsa Mfumu itabwerera kumsika, mawu atasasa.

"Taonera kwa inu nomwe," anayankha Mayi Nasibeko. "Lamulo latsopano amaliwerenga, amaliombera m'manja, amalikhoma pakhoma. Sitinaonepo wamkulu akulitsata. Komanso Zakeyu akadali m'kati. Ndani angapereke khosi lake chifukwa cha pepala?"

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, Mfumu inalowa yokha m'khitchini. Inapeza a Sandalamu akutsuka mwala wa chakudya chamawa. Inakhala pa mtondo wovundikira, poti mpando munalibe.

"Sandalamu, ndichite chiyani?"

"Mutulutse mng'ono wanga."

"Atuluka lero lomwe. Kenako?"

"Kenako mulime, Mfumu yanga. Osati katatu. Tsiku lonse, anthu akuona. Mawu anu anasiya kuwamva, koma maso awo ali pa inu."

Mfumu inayang'ana zikhatho zake zofewa ngati mkate.

"Sindidziwa kulima, Sandalamu. Ndimadziwa katatu kokhako. Bambo anga anandionetsa katatu, iwonso anaonetsedwa katatu. Chimene chimachitika pambuyo pake sindinachionepo."

Aka kanali koyamba m'zaka makumi awiri ndi ziwiri kuti a Sandalamu amve Mfumu ikunena kuti pali chimene siidziwa, ndipo mkwiyo wawo unatsika pang'ono. Anafunsa nduna zonse, koma panalibe imene inagwirapo khasu, ngakhale a Bwetulani anali atayankhulapo maola awiri pa mutu wakuti "Khasu ndi Tsogolo Lathu." Zakeyu atatuluka anakana kwamtuwagalu kuiphunzitsa Mfumu. Anati iye ndi khasu anasiyana mwamtendere, ndipo akaliona panjira aziwoloka msewu.

"Watsala munthu mmodzi," anatero a Sandalamu. "Mlamu wanga Nangozo, wa ku Sakafika, kutsidya kwa mtsinje wa Dikirani. Ndamva kuti kumeneko akulima."

Ku Sakafika kunalibe msewu wa galimoto, choncho Mfumu inanyamulidwa pa njinga ya Jubeki, njinga zina zisanu ndi imodzi zikuliza mabelu kutsogolo ndi kumbuyo. Nduna zinatsatira wapansi. Anthu ataona kuti akulu akupita kwinakwake atanyamula makasu, nawonso anatola makasu awo n'kulondola.

Pa mtsinje wa Dikirani panalibe mlatho. Unakhazikitsidwa kanayi ndi mafumu anayi, ndipo mfumu iliyonse inaika mwala wake wa maziko patsogolo pang'ono pa wa inzake. Miyala inayiyo inali yothandiza ndithu, poti munthu ankatha kudumphira pa uwu ndi uwo mpaka pakati pa mtsinje. Kuchokera pamenepo aliyense ankaona yekha chochita. Mfumu inadumpha bwinobwino mpaka pa mwala wolembedwa dzina lake lomwe, n'kupinda mkanjo, n'kulowa m'madzi ofika m'chiuno.

Anamupeza Nangozo ali pakati pa munda. Anali mayi wa zaka za m'ma fote, wamtali, wouma thupi, amene mwamuna wake anapita kukafuna ntchito kunja kalekale n'kuiwala njira yobwerera. Theka la munda wake linali ndi mizere yowongoka ngati yojambula. Sanaweramuke.

"Ngati ndinu ogulitsa mbewu, ndili nayo kale. Ngati ndinu a mpingo, mubwere Lamulungu."

"Alamu, ndi Mfumu iyi," anatero a Sandalamu.

Nangozo anayang'ana munthu wonyowayo, madzi akuchucha m'majombo. Anagwada, n'kuomba m'manja katatu, n'kudzuka, n'kutolanso khasu.

"Mwatiyendera, Mfumu. Pepani, chinyezi sichidikira. Muziyankhula ndikumva."

A Bwetulani, amene anamwa madzi pang'ono powoloka, anafuna kubwezeretsa ulemu wawo. "Mayi, kodi mukudziwa kuti mwakhala mukuphwanya lamulo miyezi yonseyi?"

"Lamulo ndinalimva pawailesi ya aneba. Akuti tizionera akulu. Ndinakhala pakhonde masiku awiri kudikira wamkulu woti ndimuonere, sanabwere. Kuno amene ali pamwamba panga ndi akhwangwala okha, ndipo nawonso amalawirira kumunda."

Mfumu inafotokoza chimene yadzera, ndipo inapempha kuti Nangozo apite nawo ku Pamthunzi akaiphunzitse pamaso pa anthu.

"Ndisiye munda wanga theka? Ayi. Wofuna kuphunzira aphunzire pompano. Mzere wanu ndi uwo, muyambire pachitsa. Khasu la liboni limenelo muike uko, lingaope dothi. Tengani ili."

Anthu anali atawoloka kale, zikwi zinayi kapena kuposa, ndipo anafola okha popanda wowauza. Kutsogolo Nangozo, kumbuyo kwake Mfumu, kenako nduna, akuluakulu a m'maofesi, apolisi, ndipo pomaliza anthu wamba, amene anadzadza minda ya aneba ndi tsala lonse mpaka m'mphepete mwa mtsinje.

"Mapazi atalikirane," anatero Nangozo, "mungadzidule chala. Weramani. Weramaninso, mimba isakuopseni, ipeza yokha kopita. Mpini musaufinye. Nthakayo musaimenye ngati inakuberani mkazi, ingolowetsani khasu n'kukoka."

Kha! Kha! Kha! Mfumu inaima mwachizolowezi, ikuyang'ana uku ndi uku kufuna tenti. Dziko lonse linaima.

"Mwaimiranji?" anafunsa Nangozo.

Mfumu inakweza khasu, n'kuligwetsa kachinayi. Kumbuyo kunamveka mkokomo ngati bingu: makasu zikwi zinayi kugwa nthawi imodzi. Mayi Nasibeko analiza nthungululu. Jubeki, posowa chochita ndi chimwemwe, anathamangira njinga yake n'kuliza belu.

Sizinayende bwino nthawi yomweyo. Mzere woyamba wa Mfumu unakhota ngati njoka yothawa moto, ndipo mizere yonse ya kumbuyo inakhota chimodzimodzi, ngakhale ya alimi amene anabadwira m'munda. Nangozo anabwerera, n'kuuyang'ana, n'kuufafaniza ndi phazi.

"Bwerezani."

"Mayi, ameneyu ndi mzere wachifumu," anatero a Bwetulani, atatsamira mpini. "Ndipo ndikufuna kunenapo mawu ochepa pa tanthauzo la tsiku la lero..."

"Bwana, wolima ndi pakamwa amakolola malovu. Weramani."

Dzuwa litakwera, Mfumu inagwira m'chiuno n'kubuula kuti, "Mayo, msana wanga!" Nduna zinagwira m'chiuno: "Mayo, msana wanga!" Kubuulako kunayenda mzere ndi mzere mpaka kumtsinje, n'kukagunda phiri la Tamvakale, n'kubwerera. Matuza anatuluka m'manja mwa Mfumu, ndipo kalaliki wina amene sanatuluke matuza anadandaula kwambiri, poopa kuti aoneka wosakhulupirika.

Koma chakumadzulo Mfumu inafika kumapeto kwa mzere wachisanu ndi chimodzi, n'kucheuka. Mzerewo unali wowongoka kuyambira pachitsa mpaka pamene inaima. Inauyang'ana nthawi yaitali, thukuta likulowa m'maso.

"Ndapanga ndine umenewu?"

"Ndinu," anatero Nangozo. "Siwoipa. Mwana wa zaka khumi akanapanga itatu pa nthawi imeneyi, koma siwoipa."

Mfumu inaseka ngati mwana, ndipo aka kanali koyamba kuti anthu aseke nayo asanakumbuke kuti ndi lamulo. Nangozo anakwirira mbatata m'phulusa, ndipo Mfumu, poti njala inali itaipanikiza, inagwada n'kumaitembenuza yokha ndi kamtengo. A Sandalamu ataona zimenezo analengeza kuti tsopano kuphika n'kololedwa, ndipo utsi unafuka m'Sakafika monse.

Anakhala kumeneko masiku atatu. Munda wa Nangozo unatha, wa aneba unatha, ngakhale tsala limene linagonera zaka khumi linalimidwa. Kenako anthu anabalalika aliyense kumunda kwake, ndipo mvula yachitatu inapeza mbewu ili pansi. Zokolola za chaka chimenecho sizinali zodzitamandira nazo, poti anachedwa, koma panalibe amene anagona ndi njala, ndipo ana asanu a Mayi Nasibeko anafika Epulo ali onenepa.

Komabe mukafunsa anthu a ku Mwaonatu za chaka chimenecho, sayamba ndi zokolola. Amayamba ndi zimene zinachitika masana a tsiku lachiwiri.

Dzuwa lili pamutu, Nangozo anaika khasu pansi, n'kumangitsa chitenje, n'kuyamba kulowera kuchitsamba cha kumapeto kwa munda. Mfumu, imene tsopano inali wophunzira wakhama, inaika khasu pansi, n'kumangitsa mkanjo, n'kumutsatira. Nduna zinaika makasu pansi. Apolisi anaika makasu pansi. Anthu zikwi zinayi anamangitsa zovala m'chiuno n'kuyamba ulendo wa kuchitsamba, mwakachetechete, mwadongosolo.

Nangozo anamva mgugu kumbuyo kwake, n'kucheuka.

"Mukupita kuti nonsenu?"

"Kumene mukupita inuko, mayi," inatero Mfumu. "Tisaphonye phunziro."

"Ndikupita kuseri."

Khwangwala mmodzi analira patali.

"Malinga ndi ndime yoyamba," anayamba a Bwetulani, "palibe pamene lamulo linapatula..."

"Mfumu," anatero Nangozo, osawayang'ana n'komwe a Bwetulani, "khasu ndakuphunzitsani, mzere ndakuphunzitsani, mbewu tiphunzira mawa. Koma izi zokha, ndikhulupirira kuti mayi anu anakwanitsa."

Mfumu inachita manyazi mpaka makutu kutentha. Inatembenuka msangamsanga n'kufulatira chitsamba, ndipo dziko lonse linatembenuka n'kufulatira chitsamba. Anaima choncho padzuwa, anthu zikwi zinayi, aliyense akuyang'ana phiri la Tamvani ngati akuliona koyamba.

Patapita kanthawi Mfumu inanong'oneza nduna yake. "A Bwetulani, lembani. Pali zinthu zina zimene munthu azichita ndi nzeru zake, popanda woonera ndi woonedwa."

A Bwetulani anatulutsa cholembera. "Monga ziti, Mfumu yanga?"

Mfumu inaganiza kwambiri.

"Tiyambe ndi chimenechi. Zinazo tiziwonjezera pang'onopang'ono, anthu angadzidzimuke."

Ufulu wa anthu a ku Mwaonatu unayambira pamenepo, kuseri kwa chitsamba cha Nangozo. Ena amati mpaka lero sunapite patali kwenikweni, koma pamenepo pokha palibe nduna imene inayerekezapo kuulanda.